Pepala Lowerengeka ndi Malo a Otsatsa Malonda

Munthu amene anayendapo pa 8th Avenue ku Mayfair, kumadzulo kwa mzinda wa Johannesburg, pamalo pamene anthu anapatcha Little Mogadishu chifukwa cha kuchuluka kwa Asomali amene anayamba kufikapo m'zaka za m'ma 1990, akudziwa kuti makoma a kumeneko sakhala chete. Dera limene linapatulidwa kuti likhale la Azungu okha pansi pa lamulo la Group Areas la 1950, kufikira lamulolo linafafanizidwa mu 1991, lero lalembedwa ponseponse m'Chisomali, m'Chiarabu, m'Chingerezi ndi m'zinenero za Amwenye. Ndipo pakati pa zikwangwani zonsezo, pa khoma la sitolo kapena pa mtengo wa magetsi, upezapo kapepala ka Chichewa konena za chipinda cha lendi kapena za galimoto yonyamuka Lachisanu kupita ku Mangochi.

Anyamata ena a kwathu okhala kumeneko, amene ali ndi gulu lothandizana pa maliro, anaganiza zomatulutsa pepala la masamba anayi mwezi ndi mwezi, lonena za zovuta, za msonkho wa gulu ndi za ulendo wa kumudzi; ochepa amawasindikiza, koma ambiri amalilandira pa WhatsApp. Mlembi wao, mnyamata wogwira ntchito m'sitolo ya nsalu ku Fordsburg, atamva kuti ine pa unyamata wanga ndinadyapo nsima ya m'nyumba yosindikiza mabuku, ndi kuyala zilembo zamtovu chimodzichimodzi ndi zala, anadza kwa ine tsiku Lamulungu madzulo kuti ndimuonere ntchito yake. Mafunso ake ndawalemba monga anawafunsira. Mayankho ndawaonjezera pang'ono, popeza munthu amakumbukira usiku zimene akadanena masana.

Funso: Bambo, anzanga onse amene ndawaonetsa akuti pepalali ndi lokongola zedi. Nanga inu mwangoti duu, mwaonapo cholakwa?

Yankho: Kukongola n'lokongoladi, mwana wanga, ndipo thukuta lako sindikulinyoza, komatu akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Taona chimene wachita pa tsamba loyambali. Kumbuyo waikako chithunzi cha nyanja dzuwa likulowa, pamwamba pa madzi ofiirawo wayalapo mawu achikasu, m'mbali wakolekamo mbendera yathu, ndipo zilembo wasankha za mitundu isanu, zina zopindikapindika ngati za pa khadi la ukwati. Kotero kuti ine, amene wandiuza kale kuti pamenepa pali uthenga wa maliro, ndachita kuyandikiza foni kumphuno ndi kutsinzina diso limodzi ndisanapeze dzina la womwalirayo. Iwe unalikonza pa kompyuta ya galasi lalikulu uli chikhalire mu mthunzi. Woliwerenga adzakhala ali chilili pa mzere wodikira minibasi, kapena wabisala kuseri kwa mabelo a nsalu kuopa maso a bwana, foni yake ili yaing'ono, galasi lake lili losweka ngati ukonde wa kangaude, dzuwa la masana likuwomba pomwepo.

Chimene diso limafuna ndicho kuti chilembo chisiyane ndi pamene chakhala. Bungwe la W3C, limene limaika miyezo ya zolembedwa za pa intaneti, linakhazikitsa mu 2008 kuti kuwala kwa zilembo wamba ndi kuwala kwa kumbuyo kwake kusiyane mosachepera 4.5 kwa 1. Zakuda pa zoyera zimafika 21 kwa 1, pamene zachikasu pa zoyera sizifika ngakhale 2 yomwe. Zofiira pa zobiriwira nazo uzipewe, chinkana ili mitundu ya mbendera imene timaikonda, pakuti alipo anthu, makamaka amuna, amene anabadwa ndi maso osasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi, ndipo ambiri a iwo sadziwa n'komwe kuti ali otero. Nyanjayo isiye pamwamba payokha ngati uifuna, kachithunzi kakang'ono kosangalatsa mtima wa wochona. Mawu uwayale pa mbuu, akuda bii, zilembo za mtundu umodzi, ukachulutsa iwiri.

Funso: Zilembozo ndinazichepetsa dala kuti nkhani zonse zikwane m'masamba anayi. Kodi munthu sangazikulitse yekha ndi zala pa foni?

Yankho: Angathe, koma taona chimene chimachitika akatero: akakulitsa, mzere umatuluka kunja kwa galasi, ndipo amayamba kuukoka kumanja, kuubweza kumanzere, kuukokanso, monga munthu wosesa bwalo, mpaka pofika mzere wachinai waiwala pamene anayambira. Munthu akapitirira zaka 40 maso ake amayamba kukana zapafupi, ndicho chifukwa chake umaona achikulire akutalikitsa mkono powerenga. Ndipo achikulire omwewo, amene anafika kuno iwe usanabadwe, ndiwo amene ali ndi kangachepe kosonkha pa maliro. Ukapanikizika malo, dula mawu, usadule zilembo. Moni wa ndime ziwiri amene wapampando walemba pa tsamba lachiwirili angathe kukhala mizere itatu, ndipo palibe amene adzamulire.

Tsono pali nkhani ya utali wa mzere, imene ndifuna tikhalepo pang'ono chifukwa chinenero chathu chili ndi khalidwe lakelake. Robert Bringhurst, m'buku lake la 1992 lonena za luso la kuyala zilembo, anati mzere wokomera diso umakhala wa zilembo zapakati pa 45 ndi 75. Ukatalika kuposa pamenepo, diso limasokera pobwerera kumanzere ndi kuwerenganso mzere womwewo; ukafupika kwambiri, nkhani imaduka mpweya. Iwe wagawa tsamba pawiri, monga amachitira a nyuzipepala, kapena monga muli m'Buku Lopatulika lija linamalizidwa mu 1922, ndipo pa pepala lalikulu nzeru imeneyo ndi yabwino. Koma galasi la foni ndi lopapatiza kale, m'lifupi mwake ngati zala zinai. Ukaligawanso pawiri, mzere umatsala wa zilembo zosafika 20. Mzungu, amene mawu ake ambiri ndi tizidutswa, angapirire. Ife timamanga munthu, nthawi, wochitiridwa ndi ulemu womwe m'liwu limodzi: tikadzakuthandizaninso ndi liwu limodzi la zilembo 22, ndipo silingalowe m'kamzere koteroko popanda kulithyola msana. Pa foni, mpanda ukhale umodzi.

Ndaonanso kuti walamula makina kuti mizere yonse ithere pamodzi kumanja, kuti m'mphepete muoneke moongoka ngati khoma la mmisiri. Makinawo, posowa pochita ndi mawu athu ataliatali, amatanula mipata, kotero kuti m'mizere ina muli mawu awiri okha oyang'anana patali ngati anthu odana, ndipo ukaliyang'anira chapatali tsambalo umaona timitsinje toyera tikutsika pakati pa nkhani. Kapena amathyola liwu mwa Chingerezi, poti ndicho chimene anaphunzitsidwa. Mphatikizo wa Chichewa umathera pa lembo la liwu: timati chi-tha-ndi-zo, ndipo apa pa tsamba lachitatu makina alemba chithan pa mzere wina, dizo pa wina. Ife kale tinkadzudzulidwa koopsa pa cholakwa chotere. Siya kumanja kukhale kosalingana, ndipo uletse makina kuthyola mawu. Diso silidandaula ndi m'mphepete mokhotakhota.

Ndipo kankhodolero kaja, kakang'ono ngati nsabwe, usakapeputse. Ng'oma ndi yoimba, ngoma ndi nyama ya kutchire. Pa uthenga wako walemba kuti mbale wathu watisiya. Ndikudziwa kuti ambiri amalemba chomwecho ndipo adzamva, koma pa tsiku la chisoni m'bale apatsidwe ulemu wake, asafanane ndi chodyeramo. Ukafunanso kulemba w wovala chipewa, amene timamuona m'dzina la Malaŵi ndi m'Buku Loyera, uyambe waona ngati zilembo zimene wasankhazo zili naye, pakuti zilembo zambiri zokongoletsa sizimudziwa, ndipo pamalo pake zimaika kabokosi kopanda kanthu.

Funso: Nanga ndikalemba zonse ndi zilembo zazikulu, sizioneka bwino koposa?

Yankho: Iai. Zilembo zazing'ono zili ndi mitu ndi michira, zina zokwera, zina zotsika, ndipo liwu limakhala ndi nkhope yake. Zazikulu zonse ndi za msinkhu umodzi ngati asilikali pa perete, ndipo ndime yathunthu yotero imatopetsa. Komanso wowerenga amamva ngati ukumukalipira. Zisungire mutu wa nkhani.

Funso: Pamwamba penipeni ndinaika dzina la gulu, chizindikiro chathu ndi maina a akomiti. Si ulemu umenewo?

Yankho: Ulemu ndi wabwino, koma ganiza za mayi amene walandira pepalali ali pa ntchito, atamva mphekesera kuti wina wa kwao wamwalira ku chipatala. Chala chake chikunjenjemera, ndipo iwe wamuimika pakhomo kuti ayambe wapereka moni kwa wapampando, wachiwiri wake, msungichuma ndi mamembala asanu ndi mmodzi asanamve chimene wadzera. Amene tinakula tikumvera mauthenga achisoni pa wailesi ya MBC tikukumbukira dongosolo lake: dzina la womwalira, mudzi, mfumu yaikulu, boma, ndi kumene zovuta zili. M'dongosolo limenelo munalibe liwu longodzaza malo, pakuti womvera anali ndi funso limodzi, ngati ali wake kapena ai, ndipo akayankhidwa limenelo ankafuna kudziwa kolowera. Kuno kwaonjezereka ziwiri: tsiku limene thupi linyamuke ulendo wautali uja wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Zobue kukalowa pa Mwanza, ndi nambala ya munthu wolandira chopereka. Zimenezo zikhale m'galasi loyamba, munthu asanasunthe chala. Akomiti akakhale ku tsamba lomaliza. Akakwiya, uwauze kuti ndanena ndine.

Pali munthu wina, Jakob Nielsen, amene mu 2006 anafalitsa zimene anapeza atatsata maso a anthu 232 ndi makina pamene ankawerenga pa kompyuta. Anaona kuti diso limayenda mzere wapamwamba mpaka kumapeto, limatsika pang'ono ndi kuyendanso koma mosafika patali, kenaka limangotsetsereka m'mbali ya kumanzere likudompha mawu oyamba a mzere uliwonse, njira yake n'kuoneka ngati chilembo cha F. Ndiye kuti anthu sawerenga monga mwana wa sukulu pamaso pa mphunzitsi, amasaka. Wosaka umamuthandiza ndi timitu tofotokoza chimene chili pansi pake, ndi ndime zazifupi zoyamba ndi liwu lolemera. Nzeru imeneyi si ya lero. Wosindikiza mabuku wina, Robert Estienne, ndiye anaika manambala pa mavesi a Chipangano Chatsopano ku Geneva mu 1551, ndipo chifukwa cha iye mlaliki akatchula mutu ndi ndime, mpingo wonse umafika pomwepo asanameze malovu. Iwe wa ku mzikiti udziwanso kuti m'Qur'an ndime iliyonse ili ndi chizindikiro chake pothera. Ngakhale mneneri Habakuku anauzidwa kuti masomphenya ake awalembe pa magome mooneka bwino, kuti ndi wothamanga yemwe awawerenge. Anthu ako ku Joni kuno onse ndi othamanga.

Funso: Kusindikiza kumafuna ndalama, ndipo amalonda ndiwo amatithandiza. Kodi mukuti tiwachotse?

Yankho: Kutalitali. Telala amene wakupatsa marandi ake kuti anthu adziwe pamene pali makina ake sanachimwe, ndipo nyuzipepala zonse zimene unaziwerengapo kwathu, ndi masamba a Chichewa omwe monga Tikambe ndi Tamvani, zimakhala m'nyumba zimene denga lake anafolera ndi otsatsa malonda. Nkhani ndi ya malo. Pa maliro kumudzi pamabwera ogulitsa zitumbuwa ndi nzimbe, ndipo palibe amawathamangitsa, malinga ayale malonda ao kumsewu. Koma atati mmodzi alowe m'siwa ndi lichero lake, n'kukhala pakati pa namfedwa ndi chitanda, adzukulu angamutulutse chomukoka. Iwe wachita chimenecho apa: pakati pa dzina la womwalira ndi nambala ya chopereka waikapo bokosi la wogulitsa mafoni, lokhala ndi chithunzi cha mtsikana akuseka. Uthenga wa maliro ukhale wathunthu kuyambira dzina mpaka nambala, popanda kanthu kolowerera. Ndipo ine ndikanakonda kuti ngakhale wogulitsa mabokosi ndi wonyamula mitembo, amene malonda ake akugwirizana ndi nkhaniyo, asakhale pafupi pomwepo, pakuti kumaoneka ngati khwangwala wodikirira.

Pita ku Oriental Plaza ku Fordsburg, kumene anasamutsira amalonda a pa 14th Street ya ku Pageview m'zaka za m'ma 1970, ukaone: wogulitsa amaimirira pakhomo la sitolo yake, amakuitana, amakuonetsa nsalu, koma njira imakhalabe njira. Chomwechonso malonda akhale pothera nkhani, kapena pakati pa nkhani ina ndi inzake, ozunguliridwa ndi mzere woonekera. Wonyamula katundu akhale pansi pa nkhani ya za pa chipata ndi msonkho wa katundu, pamene wowerenga mtima wake uli kale pa ulendo. Timalonda ting'onoting'ono, ta zipinda, ta makina osokera, ta ntchito, utisonkhanitse pa tsamba lomaliza monga msika. Wofuna chipinda adzapita yekha kumeneko, ndipo adzawerenga mzere uliwonse ndi njala.

Za kuchuluka kwake, ngakhale makampani akuluakulu amene amadya za malonda omwewo anafika povomereza kuti pali malire. Mgwirizano wao wotchedwa Coalition for Better Ads unati pa foni malonda asapitirire magawo 30 pa 100 a utali wa nkhani, ndipo unatsutsanso malonda otumphukira pankhope ya wowerenga ndi oimba okha munthu asanawakhudze. Kuyambira mu February 2018 pulogalamu ya Chrome inayamba kutsekereza malonda pamalo ophwanya miyezo imeneyi. Ndawerengera lako ndi chala: mwa masamba anayi, awiri athunthu apita kwa amalonda. Ine ndikanati limodzi likwane.

Funso: Koma amene walipira zambiri amafuna pamwamba, zilembo zikuluzikulu, zofiira. Ndikamukaniza, sapita nazo ndalama zake?

Yankho: Umufunse funso ili. Tsiku ndi tsiku amadutsa pa Church Street, pamene mitengo ya magetsi ndi zitseko zavala timapepala tomata ta asing'anga obweza mkazi wothawa, ochulukitsa ndalama ndi okulitsa zimene sitizitchula pagulu. Onse ndi ofiira ndi achikasu, onse zilembo zao ndi zazikulu. Akuuze nambala imodzi yokha imene anaisunga m'mutu. Diso la munthu wa m'tauni linaphunzira kulumpha chilichonse chokuwa, monga khutu la wokhala pafupi ndi njanji silimvanso sitima. Mu 1998 Jan Benway ndi David Lane a ku Rice University, ku America, anapatsa anthu ntchito yofuna kanthu pa kompyuta, ndipo kanthuko anakaika m'bokosi lalikulu lamawangamawanga pamwamba penipeni. Ambiri analidutsa osaliona, nakafuna yankho m'timizere tating'ono ta pansi. Diso linaliyesa malonda, ndipo linalikana mwini wake asanadziwe.

Apa pali msampha umene wagweramo iwe mwini. Tsiku la msonkhano wa gulu, pofuna kuti lioneke, walitsekera m'bokosi lofiira lokhala ndi nyenyezi m'makona, ndipo lafanana ndendende ndi la wogulitsa mafoni uja. Ine ndinalilumpha kawiri. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Wamalonda wakoyo umuuze mofatsa kuti chimene chimagulitsa ndi mawu asanu oyankha mafunso a wogula: chiyani, kuti, zingati, liti, ndiimbire yani. Wonyamula katundu amene walemba kuti amanyamuka Lachisanu lililonse, amafika ku Blantyre, Balaka ndi Mangochi, ndipo firiji amanyamula pa mtengo wakutiwakuti, adzalandira mafoni ambiri kuposa amene wadzaza bokosi ndi chithunzi cha lole ndi mawu odzitama kuti ndiye mfumu ya msewu. Akaumirirabe, mupatse pamwamba pa tsamba lomaliza, pamene pali ulemu wokwanira. Loyamba si logulitsa.

Funso: Alipo malonda oti tiwakane ngakhale munthu abwere ndi ndalama m'manja?

Yankho: Alipo, ndipo apa ndi pamene walira mvula amalira ndi matope omwe. Pepala lanu anthu amalikhulupirira chifukwa ndi la gulu limene linanyamula mitembo ya abale ao, ndipo chilichonse chokhalamo amachiyesa kuti chadutsa m'manja mwa akomiti. Ndikudziwa mayi wina amene anasonkhanitsa mabulangete, mapoto ndi wailesi kwa chaka chathunthu, nazipereka kwa wonyamula katundu amene anamuona m'kapepala kotere, poganiza kuti ndi munthu wa gulu. Kumudzi kunafika mtolo umodzi mwa itatu, ndipo foni ya munthuyo inaleka kulira. Mayiyo sanatukwane wonyamulayo yekha, anatukwana ndi olemba pepala omwe. Chotero amene simukumudziwa pamene amagona, kapena amene palibe membala anamuyesapo, adikire. Wolonjeza zitupa zokhalira m'dziko muno mwachidule, ndi wolonjeza ntchito koma uyambe walipira, amenewo musawalandire konse.

Pamwamba pa bokosi lililonse lolipiridwa pakhale liwu lakuti Malonda, looneka bwino. M'dziko lino bungwe la Advertising Regulatory Board, limene linayamba ntchito mu 2018, lili ndi lamulo lakuti malonda azizindikirika kuti ndi malonda, asavale malaya a nkhani. Koma ngakhale likanapanda kukhalapo, chikumbumtima chikanakuuza chomwecho. Ndipo poti tafika pa zosayenera kulembedwa, ndiikepo ichi: tsamba la pasipoti la womwalira, ndi nambala ya nyumba imene anyamata amagona, usazijambule m'pepala loyenda m'mafoni a anthu osawadziwa. Dzina la msewu ndi nambala ya foni ya wolandira alendo zikwanira.

Funso: Ena akudandaula kuti pepalali limachedwa kutseguka ndipo limawathera data. Vuto si mafoni ao?

Yankho: Vuto ndi katundu amene wawasenzetsa. Mawu ndi opepuka ngati nthenga; chithunzi chimodzi chotengedwa pa foni osachichepetsa chimalemera kuposa mawu a buku lathunthu, ndipo iwe waikamo khumi ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu mwa izo zili za amalonda. Wotsatsa walipira iwe kamodzi, koma wowerenga aliyense akulipiranso kuti aone malondawo. Mu December 2019 bungwe la Competition Commission la dziko lino linapeza kuti data inali yokwera mtengo, ndi kuti wosauka wogula timabandulo tating'ono ndiye amalipira zambiri pa muyezo womwewo. Pambuyo pake, mu April 2020, Vodacom inatsitsa bandulo ya 1GB ya pamwezi kuchoka pa R149 kufika pa R99. Kutsika kunatsika, koma anthu ako ambiri amagulabe ta tsiku limodzi, ndipo pepalali limapitanso kumudzi, kwa mlongo amene amakwera pa chulu kufuna netiweki ya Airtel kapena TNM. Chepetsa zithunzi, uzipeputse. Ndipo potumiza pepalalo, dzina la womwalira ndi nambala ya chopereka uzilembenso m'uthenga wamba pansi pake, pakuti nambala yokhala m'chithunzi munthu amachita kuiloweza manambala atatuatatu, ndipo akaphonya imodzi ndalama yapita kwa mlendo.

Funso: Tsono ndikakonza zonsezi, ndikamuonetse yani kuti andiuze zoona, poti anzanga amangoti zili bwino?

Yankho: Anzako amakukonda, ndipo funso lakuti kodi n'lokongola lili ndi yankho limodzi lokha kwa munthu woleredwa bwino. Wakutsina khutu ndiye mnansi, koma Mmalawi sakutsina khutu ukamufunsa maso ndi maso. Ulemu umamugwira dzanja. Chotero usafunse maganizo, upereke ntchito. Tenga munthu amene sanalionepo, makamaka wachikulire, wa foni yakale. Umuuze kuti m'menemu muli uthenga wa maliro, apeze tsiku la ulendo ndi nambala yotumizako chopereka. Kenaka utseke pakamwa, manja uwaike kumbuyo, uyang'ane chala chake. Pamene chaima, pamene chabwerera, pamene watsinya nkhope, pamenepo ndi pamene pali mlandu. Anthu asanu otere adzakuonetsa zambiri kuposa makumi asanu okutumizira chala chachikulu choloza kumwamba. Ndipo akalephera, usawafotokozere, pakuti pa tsiku lenileni sudzakhalapo kuti ufotokoze.

Pofuna kuti aone ndi maso ake, tinaitana mayi wina wa ku Machinga amene amakhala chipinda choyandikana ndi changa, woti amagulitsa mandasi ndi usipa wouma kwa anthu a kwathu. Anapukuta manja pa chitenje, nalandira foni ndi manja awiri, naitalikitsa. Anadutsa mbendera ndi akomiti, anaima pa mtsikana woseka uja nthawi yaitali, ndipo nambala imene anayamba kutiwerengera mokweza inali ya wogulitsa mafoni. Mnyamata anatambasula dzanja kuti amulozere; ndinamugwira mkono. Mayi anabwerera m'mwamba, anatsikanso, anaipeza nambala yeniyeni, ndipo ine ndinayamba kudzimva kuti zonse zimene ndinanena zatsimikizika. Koma iye sanabweze foniyo. Anayang'anitsitsa pamene panalembedwa kuti thupi linyamuka Loweruka m'mawa, pamene ine ndinapawerenga katatu konse osaonapo kanthu, natifunsa kuti, "Pepani bambo, Loweruka lake liti? Mauthengawa amatipeza ena patapita masabata awiri."

Mnyamata anapisa m'thumba kufuna cholembera, ndipo posachipeza anabwereka changa.